Makuhli akamabisala, awonjezereni pobisala

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa oweta nsomba za m'nyumba kuno ku Lusaka n'lakuti anagula makuhli awiri (mtundu wa tinsomba tokonda kukhala pansi pa madzi), n'kuwaika m'thanki, koma kuchokera tsikulo sanawaonenso. Ena amafika poganiza kuti anafa. Nthawi zambiri amakhala ali moyo ndithu, angodzikwirira mumchenga kapena alowa kunsi kwa chikuni.

Kubisalako n'kwachibadwa. Kansomba aka, kamene asayansi amakatcha Pangio kuhlii, kwawo ndi ku Indonesia ndi ku Malaysia, m'timitsinje ta m'nkhalango toyenda pang'onopang'ono, tamthunzi, todzala masamba ovunda. N'kowonda ngati kamkunga, ka mizere yakuda ndi yachikasu, ndipo kamatalika masentimita 7 mpaka 10. Kumeneko kamadya kukada, kakufufuza m'matope ndi tindevu take. Ndiye ife timakaika m'galasi lopanda kanthu, nyali ikuwala tsiku lonse, pansi pali timiyala takuthwa. Kangatuluke bwanji?

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti mwini thanki akatopa kudikira amachotsa miyala ndi zikuni zonse kuti nsombayo ioneke. Apo ndiye mwaionjezera mantha. Kuhli amayenda poyera pokhapokha atadziwa kuti pothawira pali pafupi. Ikanimo phale, chigoba cha kokonati, kachidutswa ka paipi, zomera zambiri, ndi masamba ouma a gwafa amene mwawawiritsa kaye. Pansi pakhale mchenga wosalala wotsukidwa bwino, chifukwa timiyala takuthwa timadula ndevu n'kukanda khungu: mamba ake ndi ang'onoang'ono kwambiri, ndipo kumutu kulibiretu.

Kuchuluka kwawo nakonso n'kofunika. Mmodzi kapena awiri sadzatuluka. Yambani ndi 6 kapena kuposerapo, m'thanki ya malita 60 kupita m'tsogolo, ndipo mudzawapeza atapiringizana m'chigoba chimodzi, timitu tili suzu pakhomo. Tinsomba tofatsa toyandama pamwamba timawalimbitsa mtima, koma nsomba zaukali zimawatsekera m'dzenje.

Kuno kwathu palinso nkhani ya madzi. Lusaka anamangidwa pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake madzi a m'zitsime zambiri amasiya zoyera m'ketulo. Kuhli anazolowera madzi ofewa, a pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pakati pa 5.5 ndi 7. Kusakaniza ndi madzi amvula oyera kumathandiza, bola muzisintha pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Amafunanso kutentha kwa madigiri 24 mpaka 30, pamene usiku wa June ndi July umazizira kwambiri. Hita njofunika, ndipo magetsi akathima fundikani thankiyo bulangete. Kuhli wozizidwa amangoti phee, osadya.

Chakudya muziwapatsa mutazimitsa nyali, chomira pansi, apo ayi nsomba zapamwamba zimamaliza zonse iwo asanatuluke. Pakatha mphindi 15 unikani ndi kanyali kofooka. Mudzawaona akumeza mchenga n'kumautulutsira m'makha, akusefa chakudya. Amene akuchita zimenezi ali bwino, ngakhale masana simumuona.

Chodetsa nkhawa ndi kuhli amene wagona poyera masana, akupuma mofulumira, watuwa, kapena ali ndi timadontho toyera. Yambani mwayeza madzi musanathire mankhwala, chifukwa khungu lawo silipirira mchere kapena mankhwala okhala ndi kopa. Akasoweratu, tsegulani fyuluta yosefera madzi, poti amakonda kulowera m'paipi yake. Kukamwa kwa paipiyo kuvekeni kasiponji, ndipo thanki ikhale yovundikira. Powagwira gwiritsani ntchito kapu m'malo mwa kaukonde, chifukwa kunsi kwa diso lililonse ali ndi kaminga kamene kamakola m'ulusi. Mukawasamala chonchi amatha kukhala zaka 10, koma masabata oyamba asiyeni azolowere, musamavundule mchenga kuti muwawerenge.