Musanawotche chimbale, funsani komwe chikalirire

Mwezi watha kunabwera amayi ena a chigwirizano kushopu yanga kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, atakulunga ma CD khumi ndi awiri m'chitenje. Mdzukulu wawo anawaikira nyimbo za kwaya kuti akagulitse kumsonkhano ku Katete, koma atayesa chimbale chimodzi m'wailesi ya kutchalitchi, chinangozungulira kenako zii. "Bambo, kodi mwanayu watitayitsa ndalama?" anandifunsa. Nditachiika m'kompyuta, nyimbo zonse zinalimo, zomveka bwinobwino.

Mwanayo sanawononge kanthu. Anangokopera mafayilo a MP3 monga amachitira pa flash, pamene wailesi ija ndi yakale, imadziwa audio CD yokha. Mwa mavuto amene anthu amabwera nawo kwa ine, ambiri ndi otere: kompyuta ili bwino, chimbale chili bwino, koma chinalembedwa m'njira imene makina okachiliza saidziwa. N'chifukwa chake munthu akati ndimubenere nyimbo, monga amanenera anyamata pofuna kunena kuwotcha kapena kuti kulemba nyimbo pachimbale, ndimayamba ndafunsa kuti akaziliza pa chiyani.

CD yopanda kanthu imalembedwa 700 MB ndi 80 min, ndipo miyeso iwiriyi ndi ya ntchito ziwiri zosiyana. Mukaiwotcha ngati audio CD, chowerengedwa ndi mphindi: zikakwana 80 basi yadzaza, kaya mafayilowo anali ochepa bwanji. Nyimbo za kwaya zimakhala zazitali, ndiye mwina mungalowe khumi ndi zisanu. Koma CD yotere imalira pafupifupi m'wailesi iliyonse, ngakhale ya agogo. Mukaiwotcha ngati data, chowerengedwa ndi ma MB, ndipo nyimbo za MP3 zoposa 100 zimakwana, kungoti zimafuna wailesi yolembedwa MP3 kutsogolo kwake. Mu Windows Media Player, pagawo la Burn, mumasankha nokha pakati pa ziwirizi.

Pali msampha wina umene Windows imatchera anthu osazolowera. Mukangoika chimbale chatsopano imakufunsani ngati mukufuna "Like a USB flash drive" kapena "With a CD/DVD player". Ambiri amasankha choyamba poti flash ndi imene amaidziwa. Chimbale chotere chimakhala chosatseka, ndipo mawailesi a m'galimoto ndi ma DVD player ambiri amachikana. Sankhani chachiwiri. Koma pamenepanso samalani, chifukwa mafayilo mukawakokera pawindo la chimbale amakhala asanalembedwe, amangodikira. Mpaka mutadina "Finish burning" kapena "Burn to disc", palibe chachitika. Ndaonapo munthu atanyamula chimbale chotere mpaka ku Lundazi, n'kukapeza mulibe kanthu. Musanachoke, chitembenuzeni poyera: mbali yolembedwa imasintha mtundu pang'ono, kuyambira pakati pafupi ndi bowo kupita kunja. Ngati pansi ponse pali mtundu umodzi, mwina sichinalembedwe kapena chadzaza mpaka m'mphepete, ndipo inu mukudziwa kuchuluka kwa zomwe munaika.

Nanga bwanji kompyuta ikaima pakati powotcha n'kulavula chimbale? Mkati mwa CD-R muli kansalu kopyapyala ka utoto, ndipo kuwala kwa laser kumawotcha timadontho pautotowo motsata mzere umodzi wozungulira. Powotchedwa sipabwereranso. Magetsi akathima ntchito ili mkati, chimbalecho chapita. Amene muli ndi laputopu, yambani mwadzaza batire. A kompyuta ya patebulo yopanda UPS, kabokosi kosunga magetsi, musamawotche nthawi imene mukudziwa kuti magetsi amakonda kuchoka. Mafayilo akhale pa hard disk, osati kuwotcha molunjika kuchokera pafoni kapena pa flash yogwedera. Ndipo liwiro lichepetseni. Pachikuto amalemba 52x, koma ine CD ndimaiwotcha pa 16x, DVD pa 8x, chifukwa timadontho timatuluka tooneka bwino ndipo wailesi yotopa imatiwerenga mosavuta. Mphindi ziwiri kapena zitatu zowonjezera sizingafanane ndi mtengo wa chimbale chotayika. Kutsitsa mpaka 1x, monga ena amalangizira, sindikuvomereza. Zimbale za masiku ano sizinapangidwire liwiro lotsika choncho.

Ojambula maukwati ndi miyambo, monga Nc'wala ya ku Mtenguleni mu February kapena Kulamba ya ku Mkaika mu August, vuto lawo limakhala kukula kwa kanema. DVD imalembedwa 4.7 GB, koma Windows imaonetsa 4.38 GB yokha. Sikuti anakuberani: opanga zimbale amawerenga ndi 1000, Windows imawerenga ndi 1024. Kanema amene Windows ikuti ndi 4.5 GB salowa, afunika kumuchepetsa kapena kugula DVD ya magawo awiri ya 8.5 GB. Komanso kukopera fayilo ya MP4 pa DVD sikupanga DVD ya kanema. Kuti ikaonetse pa DVD player iliyonse pafunika pulogalamu yokonza foda ya VIDEO_TS, ndipo musankhe PAL, poti ndi dongosolo la ma TV a kuno ku Zambia.

Kompyuta ikamanena kuti ikani chimbale pamene chilimo kale, yang'anani zolembedwa pachitseko cha drive, malo olowetsa chimbale. Yolembedwa DVD-ROM imangowerenga, siwotcha DVD. Ngati ili ndi chizindikiro cha RW, chosonyeza kuti imawotcha, koma ikukanabe, yesani chimbale cha mtundu wina, chifukwa zina zotsika mtengo zimakhala zoipa paketi yonse. Kenako ganizirani fumbi. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, fumbi la ku Chipata limalowa paliponse, ndipo kadiso ka laser kakachita chifunga sikaona. Pa laputopu kadisoko kamaonekera mukatsegula chitseko cha drive, kagalasi kakang'ono ngati njere ya mapira. Kapukuteni pang'onopang'ono ndi kathonje kouma. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti drive imodzi imakhala ndi ma laser awiri, wina wa CD wina wa DVD, ndipo mmodzi amatha kufa mnzake ali moyo. Mukaona ikuwotcha CD koma DVD iliyonse ikukana, musavutike kusintha mapulogalamu, drive yakalamba. Ma drive akunja a USB nawonso amafuna mphamvu yokwanira, choncho alumikizeni pakompyuta penipeni, osadzera pa hub, kachipangizo kochulukitsa malo olumikizira USB.

Mapulogalamu monga ImgBurn ndi Nero ali ndi kabokosi kolembedwa Verify, kamene kamafananiza chimbale ndi mafayilo ake chikangotha. Kachongeni nthawi zonse. Ndipo polemba dzina gwiritsani ntchito maka yofewa, osati bolopeni, chifukwa pa CD utoto uja uli pafupi kwambiri ndi mbali ya pamwamba. Mtima umandiwawa ndikaona zithunzi za ukwati zatha chifukwa chimbale chinasiyidwa padzuwa m'galimoto mwezi wa October.

Ma CD a amayi aja sakanafufutika, poti CD-R imalembedwa kamodzi, yofufutika ndi CD-RW. Ndinawauza kuti asawataye, awagulitse kwa oyendetsa maminibasi amene mawailesi awo amawerenga MP3. Mawa lake mdzukulu uja anabweretsa wailesi ya kutchalitchi panjinga. Ndinamukhazika pampando wanga, anasankha yekha audio CD ndi 16x, tinawotcha chimodzi chokha n'kuchiyesa pomwepo. Nyimbo yoyamba itangoyamba, amayi aja anayamba kuyimba nawo chapansipansi, kenako anamasula pangodya ya chitenje ndalama zogulira zimbale khumi ndi chimodzi zotsalazo.