Shuga wa pa mimba: musadikire kuti athe yekha

Uthenga uwu ndi wa amayi onse oyembekezera, amuna awo, ndi aliyense amene akusamalira mayi wapakati. Pali mawu amene afala kwambiri, ndipo ife azaumoyo tikuwamva kawirikawiri kusikelo. Akuti shuga wobwera ndi mimba si matenda enieni, amatha yekha mwana akabadwa, ndiye palibe chifukwa choyezetsa kapena kuvutika ndi mankhwala. Amayi ena tikawapeza naye amangopinda kapepala ka zotsatira n'kukasunga, tsiku limene tinawapatsa n'kudutsa osabweranso.

Mawuwa ndi oopsa chifukwa mbali ina ndi oona. Inde, kwa amayi ambiri shuga ameneyu amatsika akabereka. Koma pa miyezi itatu imene mayi akudikira kuti shuga athe, mwana amakhala ali kuti? Ali m'mimba momwemo, akudya kuchokera m'magazi omwewo usana ndi usiku. Tsiku limene shugayo adzathe, zimene amawononga adzakhala atawononga kale.

Chiyambi chake sichovuta kumvetsa. Kapamba amatulutsa insulini, amene amachotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu. Mimba ikapitirira theka, nsengwa imatulutsa mahomoni, timadzi toyenda m'magazi, amene amafooketsa ntchito ya insulini. Thupi limayenera kupanga wochuluka kuti likwanitse, ndipo kwa amayi ena kapamba amalephera kufika pamenepo, shuga n'kuyamba kuunjikana m'magazi. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera mu 2021 kuti pa ana 6 aliwonse obadwa amoyo padziko lonse, mmodzi amabadwa kwa mayi amene shuga wake anali wokwera ali ndi pakati. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi amayi onenepa kwambiri, opitirira zaka 35, amene makolo kapena abale awo akudwala shuga, amene anakhalapo naye pa mimba yam'mbuyo, amene anaberekapo mwana wopitirira makilogalamu 4, ndi amene mwana anawafera m'mimba popanda chifukwa chodziwika. Komabe amagwiranso mayi wochepa thupi, wachitsikana, wa mimba yoyamba. Pasapezeke womuimba mlandu kuti wadziputira yekha ndi zotsekemera.

Tsopano mvetserani zimene zimachitikira mwana. Shuga wa mayi amadutsa pa nsengwa n'kumufika, koma insulini wa mayi sadutsa. Kapamba wa mwanayo ndiye amakakamizika kupanga insulini wambiri, ndipo shuga wotsala amasanduka mafuta. Mafutawo amaunjikana makamaka pachifuwa ndi m'mapewa. Achibale akamva kuti mwana ndi wamkulu amasangalala, amati ndi thanzi. Ife m'chipinda choberekera timaona zina. Mutu umatuluka bwinobwino, kenako zonse n'kuima, phewa litakodwa kumbuyo kwa fupa la chiuno cha mayi. Pamenepo azamba amakhala ndi mphindi zochepa chabe, chifukwa mwana sangapume ndipo chingwe cha mchombo chimakhala chapanikizika. Ana ena amatuluka fupa la paphewa litathyoka, ena mitsempha ya mkono itakokeka moti mkonowo umangolendewera. Mayi naye amang'ambika kwambiri ndi kutaya magazi, kapena amathamangitsiridwa ku opaleshoni.

Kubadwa sikutha kwa vuto. Chingwe chikadulidwa, shuga wa mayi amasiya kubwera mwadzidzidzi, pomwe kapamba wa mwana akupangabe insulini wochuluka monga anazolowera. Shuga wa mwanayo amatsika kwambiri m'maola oyambirira: amanjenjemera, amafooka, amakana bere, nthawi zina amakomoka. Ena amavutika kupuma, ena amagwidwa chikasu. Ndipo tisabise, shuga wosasamalidwa amatha kupha mwana ali m'mimba, masabata omaliza, zovala zitagulidwa kale. Kwa mayi amawonjezera chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa madzi m'chiberekero, ndi kubereka masiku asanakwane. Zonsezi zimachitika shuga uja asanathe yekha.

"Koma ine sindikumva kupweteka paliponse." Mayi, amayi ambiri amene ali ndi vutoli samva kalikonse. Limadya ngati chiswe mu mtengo, kunja kukuoneka bwinobwino. Zizindikiro zikakhalapo, monga ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kutopa, kapena kuyabwa kumaliseche kobwerezabwereza, zimafanana ndi zovuta wamba za mimba, ndipo palibe amene amazilabadira. Njira yodziwira ndi imodzi basi, kuyezetsa magazi.

N'chifukwa chake tikuti yambani sikelo msanga. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo maulendo osachepera 8, ulendo woyamba mimba isanapitirire masabata 12. Pa ulendo woyambawo auzeni zonse: ana amene munabereka anali olemera bwanji, kubanja kwanu kuli odwala shuga kapena ayi, munatayapo mwana kapena ayi. Ngati munali kale ndi matenda a shuga musanatenge pakati, nenani tsiku lomwelo, chifukwa shuga wokwera m'masabata oyambirira angawononge mtima ndi msana wa mwana zikamapangika.

Nthawi yoyezera shuga wa pa mimba ndi pakati pa masabata 24 ndi 28, ndipo amene ali pachiopsezo amayezedwa nthawiyi isanafike. Mumabwera m'mawa musanadye kanthu kwa maola osachepera 8, kupatula madzi. Amakutengani magazi, n'kukupatsani madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga kuti mumwe. Ndi otsekemera kwambiri, ena amachita nawo mseru, koma pirirani. Mumakhala pansi osadya, ndipo amakutenganinso magazi pakatha ola limodzi komanso pakatha maola awiri. Malinga ndi muyezo umene World Health Organization inakhazikitsa mu 2013, shuga akafika 5.1 mmol/L (mlingo wa shuga m'magazi) musanamwe, kapena 10.0 pakatha ola, kapena 8.5 pakatha maola awiri, ndiye kuti muli naye. Nambala imodzi yokha ikakwera, ndi zokwanira. Musadalire kuyeza mkodzo kokha, kumaphonya ambiri. Ngati kumene mukupanga sikelo sayeza motere, funsani kumene mungapite, ndipo pitanidi.

Akakupezani naye musataye mtima, amayi ambiri amawongokera ndi kadyedwe ndi kuyenda kokha. Zakumwa zotsekemera zisiyeni kotheratu, kuphatikizapo madzi a zipatso. Zakudya zokhutitsa muchepetse mlingo wake, musankhe zosakonola kwambiri, ndipo mbale yanu ichuluke ndiwo zamasamba pamodzi ndi zomanga thupi. Idyani katatu pa tsiku mosadzaza mimba, ndi kenakake kochepa pakatikati, kusiyana ndi kudya kamodzi kwambiri. Chonde musadzimane chakudya pofuna kutsitsa shuga, mwana akufunika kukula. Mukatha kudya yendani pang'ono, kuti pa tsiku zikwane mphindi 30, pokhapokha adokotala atakuletsani. Amene muli ndi kachipangizo koyezera, lembani nambala zanu m'kabuku ndipo muzibwera nako ulendo uliwonse. Kawirikawiri timafuna shuga akhale pansi pa 5.3 m'mawa musanadye, ndi pansi pa 7.8 pakatha ola mutadya.

Zimenezi zikapanda kukwanira, adokotala amapereka mapiritsi a metformin kapena jakisoni wa insulini. Apa m'pamene mawu aja amabweranso mwamphamvu: "Usadzibaye, ungazolowere, ukabereka zitha zokha." Ayi. Insulini safika kwa mwana ndipo sazoloweretsa thupi, amayi ambiri amamusiya akangobereka. Chimene chimafika kwa mwana ndi shuga amene mwamulekerera. Musasinthanitse mankhwala a kuchipatala ndi zitsamba kapena zina zimene amalonda amati zimatsuka magazi. Abambo ndi apongozi, mawu anu ndi olemera pakhomo. Mukamuuza mayi kuti adikire, amadikiradi. Muperekezeni kusikelo, mukamve nokha.

Amene akulandira insulini adziwe kuti shuga angatsikenso mopitirira, makamaka akadumpha chakudya. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yadzidzidzi kapena kuzunguzika, imwani chotsekemera nthawi yomweyo, kenako mudye, ndipo mukawauze azaumoyo. Koma ngati mwana wachepetsa kusewera m'mimba kapena wasiyiratu, ngati mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa, mukusanza mosalekeza, madzi kapena magazi ayamba kutuluka kumaliseche, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Mukaberekere kuchipatala, ndipo muwauze azamba za shugayo mukangofika. Mwana ayamwe mkati mwa ola loyamba ndi kumayamwa pafupipafupi, kuti shuga wake asatsike. Inuyo bwererani kukayezetsa pakati pa masabata 6 ndi 12 mutabereka, chifukwa kwa amayi ena shuga satha n'komwe. Ngakhale kwa amene watha, pafupifupi theka amadzadwala matenda a shuga okhalitsa m'tsogolo. Choncho muziyezetsa chaka ndi chaka, kapena monga adokotala akuuzirani, ndipo musanatenge mimba ina mukayambe mwayezetsa.