Pamwamba pa mapu si kumtunda ayi

Nkhani iyi ndatopa nayo, kuyambira kalekale ana asukulu amangouzana kuti pamwamba pa mapu ndi kumtunda, ndiye mitsinje yonse imatsikira kummwera. Sizoona. Pamwamba pa pepala nthawi zambiri pamangosonyeza kumpoto basi, kukwera kwa malo ndi nkhani ina.

Taonani kwathu konkuno, Mulanje ili mmunsi mwa mapu a Malawi koma nsonga ya phiri la Mulanje, Sapitwa, ndi mamita 3,002, palibe malo ena okwera kuposa pamenepo mdziko muno, pomwe tauni ya Karonga ili pamwamba pa pepala koma ili mmbali mwa nyanja, kotsika. Ndipo madzi ochoka mphiri lomweli sapita mbali imodzi, Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo koma mtsinje wa Phalombe umalowera kumpoto ku nyanja ya Chilwa.

Musanauze mnzanu zomwe mwangomva, tengani atlasi muone nokha. Werengani manambala a pa makontuwa (mizere yosonyeza kukwera kwa malo pa mapu), mizere ikathithikana ndiye kuti mpotsetsereka kwambiri, ndipo pomwe ikudutsa mtsinje imapindika ngati V, nsonga yake imaloza komwe madzi akuchokera.