Bass Reeves, wapolisi amene anamanga mwana wake yemwe

Alendo akafika ku Fort Smith m'chigawo cha Arkansas ku America amaonetsedwa chiboliboli cha munthu wokwera hatchi, mfuti ili m'manja. Anachiimika mu 2012 pokumbukira Bass Reeves. Anthu amakonda kusimba za zigawenga zimene anagwira, koma za pakhomo pake ndi ochepa amazitchula, pomwe ndi kumene ntchitoyi inamulipiritsa kwambiri.

Reeves anabadwa kapolo mu 1838 ku Crawford County, m'chigawo chomwecho cha Arkansas, ndipo dzina la Reeves linali la mbuye wake. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America anathawira kudera lotchedwa Indian Territory, lomwe lero ndi Oklahoma, nakhala pakati pa mitundu ya Creek, Seminole ndi Cherokee. Kumeneko anaphunzira zilankhulo zawo ndi njira zonse za m'tchire. Ukapolo utatha anakhazikika pafupi ndi tauni yaing'ono ya Van Buren, n'kumalima ndi kuweta, iye ndi mkazi wake Jennie ndi ana ochuluka.

Mu 1875 woweruza Isaac Parker anafika ku khoti la Fort Smith, lomwe linkayang'anira dera lalikulu lomwe akuba hatchi, ogulitsa mowa mozembera ndi opha anthu ankabisalako. Panafunika amuna odziwa dziko, ndipo Reeves analembedwa ntchito ngati wapolisi wa boma lalikulu. Malipiro a pamwezi kunalibe. Munthu ankalandira molingana ndi mtunda umene wayenda ndi akaidi amene wabwera nawo, choncho ulendo umodzi unkatenga masabata ngakhale miyezi, ali ndi ngolo, wophika ndi mlonda. Sukulu sanapiteko, ndiye ankapempha wina amuwerengere zikalata zomangira anthu, iye n'kuloweza dzina ndi mlandu wa aliyense. Nthawi yonseyi munda ndi ana zinali m'manja mwa Jennie.

Tsoka loyamba linadza mu 1884, pamene Reeves anawombera wophika wake William Leach ali paulendo. Iye anati mfuti inaphulika mwangozi. Anazengedwa mlandu wakupha mu 1887 pamaso pa Parker yemweyo, ndipo khoti linamupeza wosalakwa. Komabe maloya ndi mboni zinamudyera chuma chimene anasonkhanitsa zaka zambiri. Jennie anamwalira mu 1896, chaka chomwe Parker nayenso anatisiya. Reeves anasamukira ku Muskogee, tauni ya ku Indian Territory, ndipo mu 1900 anakwatira Winnie Sumter.

Ndiye kunabwera 1902. Mwana wake Bennie anapha mkazi wa iye mwini, n'kuthawa. Chikalata chomumangira chitatuluka, mkulu wa apolisi Leo Bennett anazengereza kuti apatse ndani, poti onse ankamulemekeza bamboyo. Reeves anachitenga yekha, napita kukamugwira. Bennie anagamulidwa kukhala kundende ya Leavenworth ku Kansas moyo wake wonse.

Ambiri amati apa anaonetsa kuti lamulo siliona nkhope. Ine ndimaona china. Bambo amene wagwira zigawenga zaka zoposa 25 amadziwa bwino zimene zimachitikira wothawa akakumana ndi wapolisi wachilendo m'tchire, makamaka wothawayo akakhala wakuda. Kupita yekha kunali kuonetsetsa kuti mnyamatayo afika kukhoti wamoyo. Ndipo anafikadi. Patapita zaka anamasulidwa chifukwa cha khalidwe labwino, koma bambo ake anali atamwalira kale.

Mu 1907 Oklahoma inasanduka chigawo pachokha, ndipo malamulo atsankho olekanitsa azungu ndi akuda anayamba msanga. Ntchito yake ya zaka 32 inathera pomwepo. Nkhalamba ya zaka pafupifupi 70 inalowa upolisi wa mu tauni ya Muskogee, kumayenda wapansi m'misewu itagwira ndodo. Anagwira zaka ziwiri, matenda a impso n'kumugwetsa, ndipo anamwalira pa 12 January 1910.