Mbiri ya zionetsero za bonsai, ndi mkangano wa dzina lolembedwa pa kakadi ka mtengo

Anthu ambiri akamva za zionetsero za bonsai, timitengo tolera m'miphika kuti tizioneka ngati mitengo ikuluikulu yakale, amaganiza kuti zinayambira m'maholo akuluakulu a ku Tokyo kenako n'kumatsikira kumadera. Ayi ndithu. Zam'madera ndi zomwe zinayamba, zikuluzikuluzo zinachita kubwera pambuyo, ndipo mpaka lero munthu wamba amayamba kuona bonsai weniweni ndi maso ake m'kaholo ka kalabu ya m'dera, pa matebulo oyalidwa nsalu, osati ku Tokyo.

Kudzala mitengo m'timbale kunayambira ku China, kumene amati penjing. M'manda a kalonga Zhanghuai, a m'chaka cha 706, muli chojambula cha pakhoma chosonyeza antchito atanyamula mbale zokhala ndi timiyala ndi tizomera. Ku Japan lusoli linafika pambuyo, ndipo kwa zaka mazana linali la anthu apamwamba, amonke ndi achuma, mtengo unkaonedwa ndi mwini wake ndi alendo ake basi. Kunyumba ya mfumu ku Tokyo kukadali paini wina amene amati ankasamalidwa ndi Tokugawa Iemitsu, shogun (mkulu wa asilikali wolamulira dziko) wachitatu wa banja la Tokugawa, amene anamwalira mu 1651. Mwini wake anapita kalekale koma mtengowo anthu akuuthirirabe mpaka pano, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa mkangano wonse woti pa kadi ya mtengo wa pa chionetsero palembedwe dzina la ndani ukuchokera pomwepa.

Zinthu zinayamba kusintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Pakati pa 1781 ndi 1788 ku Kyoto kunayamba chionetsero cha chaka ndi chaka cha mapaini a m'miphika, anthu okonda mitengo ochokera m'zigawo zoyandikana ankabwera aliyense ndi mtengo umodzi kapena iwiri, n'kuika poyera kuti obwera kudzaona anene kuti wabwino ndi uti. Ndiye mukaonetsetsa, chimenechi chinali chionetsero cha m'dera chenicheni, anthu odziwana, onyamula okha mitengo yawo, ofuna kumva kuti anzawo aiona bwanji. Zomwe makalabu akuchita lero sizikusiyana kwenikweni ndi zimenezo.

Japan itatsegula zitseko zake kwa mayiko akunja m'zaka za m'ma 1800, timitengoti tinayamba kuoloka nyanja kupita ku zionetsero zikuluzikulu za malonda ndi luso, ku Paris mu 1878, 1889 ndi 1900, ku London mu 1910. Azungu anadabwa nato, ena n'kumaganiza kuti pali mankhwala achinsinsi kapena kuti mtengowo ukuzunzidwa, pomwe nkhani yake ndi kudulira nthambi, kudula mizu pa nthawi yake, kusintha dothi ndi kuthirira mosadumphitsa tsiku. Kwawo ku Japan nako zinthu zinali kuyenda, mu 1914 ku Hibiya Park ku Tokyo kunachitika chionetsero choyamba cha dziko lonse.

Kenako pa 1 September 1923 chivomezi chachikulu chinagwedeza Tokyo, moto n'kumaliza zotsala. Alimi a bonsai a mumzindamo anaona kuti bola kusamuka, kukafuna malo a mpweya wabwino, madzi abwino ndi dothi labwino, ndiye mu 1925 anakakhazikitsa mudzi wawo ku Omiya, m'chigawo cha Saitama, kumpoto kwa Tokyo. Chomwe chimandisangalatsa pa mudzi umenewu ndi malamulo omwe anagwirizana: wokhala m'mudzimo akhale ndi bonsai osachepera 10, asamange nyumba yosanja, mpanda ukhale wa zomera, ndipo geti likhale lotsegula kuti aliyense alowe kudzaona. Lamulo lomalizali ndi lalikulu kuposa mmene likumvekera. Chinthu chimene kale chinkabisidwa kuseri kwa mipanda ya anthu olemera, apa eni ake akunena okha kuti bwerani mudzaone. Nthawi imene mudziwu unali pachimake munali manazale pafupifupi 30, lero atsala owerengeka, koma chikondwerero chawo chikuchitikabe chaka chilichonse kuyambira pa 3 mpaka pa 5 May, misewu kudzaza ndi ogulitsa mitengo, miphika ndi zida, ndipo mu 2010 anatsegulako nyumba yoonetserako bonsai yotchedwa Omiya Bonsai Art Museum.

Chionetsero chomwe aliyense wa bonsai amachitchula ndi ulemu ndi Kokufu-ten. Chinayamba mu 1934 ku Tokyo Metropolitan Art Museum ku Ueno, ndipo amene analimbikira kwambiri ndi Norio Kobayashi mothandizidwa ndi Yorinaga Matsudaira, munthu wa m'banja lapamwamba. Malowo sanangowasankha mwangozi, kulowetsa mtengo wadothi lake m'nyumba ya zojambulajambula kunali kunena poyera kuti ichi ndi luso, si ulimi wamaluwa chabe. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inadzachiimitsa, nthawi imeneyo munthu wothirira kamtengo ena akufa ndi njala ankaoneka ngati wosakonda dziko lake, ndipo mitengo yambiri yakale inafa. Chinayambiranso mu 1947. Masiku ano chimachitika mu February, kukuzizira koopsa, ndipo si mwangozinso ayi: mitengo yoyoyola masamba imakhala ili mbulanda, nde nthambi iliyonse imaoneka, pomwe unadula molakwika zaka zisanu zapitazo sungabise ndi masamba.

Kaikidwe ka mtengo pa chionetsero kanachokera m'nyumba za ku Japan, mmene mumakhala kamalo kolemekezeka kotchedwa tokonoma, koikapo chithunzi chopachika ndi chinthu chimodzi chokongola choti mlendo aone. Ndi chifukwa chake olo pa chionetsero chaching'ono mupeza mtengo uli pa katebulo kake kamatabwa, pambali pake kamphika kakang'ono ka udzu kapena kaduwa kosonyeza nyengo, ndipo pena chithunzi kumbuyo. Mtengo ukapendekera kumanja, kaudzuko kamakhala kumanja komweko ngati kakuulandira. Mwini wake amakhala atayamba kukonzekera miyezi ingapo m'mbuyo, kuchotsa waya wokhuthala amene anakulungira nthambi, kuzula masamba akale limodzilimodzi, kuyala ndere pamwamba pa dothi tizidutswatizidutswa mpaka ioneke ngati inamera yokha, kupukuta mphika ndi timafuta pang'ono. Inu mukafika muziwerama kuti maso anu alingane ndi pakati pa thunthu, chifukwa mukaonera pamwamba mungoona chitsamba. Yambani pansi pomwe mizu yagwira dothi, kwerani ndi thunthu, muone mmene likucheperachepera mpaka kunsonga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo chonde manja m'thumba, khungwa la paini wakale limene latenga zaka makumi kuti lichite mang'alu lingathe kusenduka ndi chala chimodzi, chikwama cha kumsana nacho chathyolapo nthambi zambiri munthu akutembenuka.

Tsopano mkangano uja. Ku Kokufu, dzina lolembedwa pafupi ndi mtengo ndi la mwini wake, amene anaugula. Koma nthawi zambiri mtengo ngati umenewo sukhala n'komwe pakhomo pa mwiniyo, umakhala ku nazale ya katswiri amene amauthirira, kuudulira ndi kuukonzekeretsa, mwinanso ana a sukulu ake amene amakhala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akuphunzira ntchito ndi amene anagona mochedwa akukulunga waya. Mphoto ikabwera imapita kwa mwini. Anthu akunja kwa Japan ambiri zimenezi zimawawawa, amati zingatheke bwanji munthu kugula ulemu ndi ndalama. A ku Japan amayankha kuti popanda anthu olipira chisamaliro chaka ndi chaka mitengo yakaleyi bwenzi itafa kale, ndipo akatswiri ali ndi chionetsero chawochawo, Sakufu-ten, chimene chinayamba m'zaka za m'ma 1970, kumene dzina lotchulidwa ndi la amene anagwira ntchitoyo.

Ine mbali zonse ziwiri ndimazimva, koma ndimaona kuti onse akufuna dzina limodzi pa chinthu chimene sichingakhale ndi dzina limodzi. Taonani paini wa Yamaki. Mu 1976, pamene America inkakondwerera zaka 200 za ufulu wake, Japan inapereka mphatso ya bonsai 53, ndipo umodzi unachokera kwa Masaru Yamaki wa ku Hiroshima. Mtengowu unayamba kusamalidwa mu 1625, unali pabwalo la banjali makilomita pafupifupi atatu kuchokera pomwe bomba la atomiki linaphulikira mu 1945, unapulumuka, ndipo a ku Washington, kumene mtengowu unakasungidwa, sanadziwe n'komwe za nkhaniyi mpaka mu 2001 pamene adzukulu a Yamaki anabwera kudzauona. Nanga pa kadi ya mtengo umenewu mulembapo ndani? Amene anaudzala, mibadwo ya banja lija, kapena ogwira ntchito ku National Bonsai and Penjing Museum amene akuuthirira lero? Maganizo anga ndi akuti kadi izinena zonse zomwe zikudziwika, mwini wake, amene anaukonza, komwe unachokera. Sizichotsera munthu ulemu, ndipo woonera amapita kwawo atadziwa kuti ntchitoyi ndi yolandizana.

Mkangano wina unabwera ndi Masahiko Kimura, wobadwa mu 1940, amene anayamba kusema mbali zouma za mitengo ndi makina amagetsi n'kupanga maonekedwe okhotakhota oti akuluakulu a nthawiyo ena anati uku si bonsai. Lero kaumbidwe kake ka mtengo kali paliponse, moti enanso ayamba kudandaula kuti mitengo ya pa mpikisano ikufanana kwambiri, yonse yosalala, yonse yopesedwa bwino, ngati yatuluka m'dzanja limodzi.

Apa ndi pomwe zionetsero zam'madera zimandikoka mtima. Bonsai atafalikira kunja, makamaka nkhondo itatha, anthu anayamba ndi kukopera mitengo ya ku Japan, koma amene anapita patsogolo ndi amene anatembenukira ku mitengo ya kwawo. John Naka, wobadwira ku America mu 1914 n'kukulira ku Japan, anathandiza kuyambitsa kalabu ku California mu 1950 ndipo anayenda m'mayiko ambiri akuphunzitsa m'makalabu ang'onoang'ono. Ntchito yake yotchuka, Goshin, ndi kankhalango ka mitengo 11, umodzi kuimira mdzukulu wake aliyense, ndipo anaipereka ku Washington mu 1984. Chifukwa cha aphunzitsi oterewa, lero mukapita ku chionetsero cha ku Spain kapena Italy mupeza maolivi akale, ku Taiwan mitengo ya mtundu wa mkuyu, ku Indonesia mitengo ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa pemphis, ku South Africa milambe ndi mitengo yaminga yophwatalala pamwamba, imene kaumbidwe kake anakatcha dzina la wojambula Pierneef. Zimenezi ku Ueno simukazipeza zambiri. Olo ku Japan komweko madera ali ndi zawo, Kanuma ndi maluwa a satsuki, Takamatsu ndi mapaini, Kyoto ndi chionetsero cha Taikan-ten mu November masamba atafiira.

Misonkhano ya dziko lonse inabwera mochedwa. Woyamba wa World Bonsai Convention unachitikira ku Omiya mu 1989 motsogozedwa ndi Saburo Kato, wa nazale ya Mansei-en, kenako Orlando mu 1993, Seoul mu 1997, Munich mu 2001, n'kudzabwereranso ku Saitama mu 2017. Ku Ulaya chionetsero cha ku Belgium chimene chinkatchedwa Noelanders Trophy chinakula kukhala chokopa anthu a mayiko ambiri, ku America cha dziko lonse chinayamba mu 2008 ku Rochester. Zonsezi ndi zabwino, koma kumeneko umangoyenda pamzera, kuona, kutuluka.

Pa chionetsero cha m'dera mwini mtengo amakhala ataima pomwepo. Mukamufunsa kuti bala ili linapola bwanji akuuzani, mukamufunsa kuti amasintha dothi mwezi uti akuuzani mwezi wogwirizana ndi nyengo ya komweko, chinthu chimene vidiyo ya pa YouTube yojambulidwa kudziko lina singakuuzeni, ndipo anthu ambiri ongoyamba kumene amapha mitengo chifukwa chotsatira kalendala ya dera lina. Kumakhala wina akusonyeza kakulungidwe ka waya anthu atamuzungulira, wa kopa pa mapaini, wa aluminiyamu pa mitengo ya khungwa lofewa. Kumakhala tebulo la timitengo totchipa toyambira. Ndipo mitengo yosamalizika imaloledwa kuima pafupi ndi yokhwima, zomwe zimathandiza kuona kuti pakati pa ziwirizi pali zaka zingati ndi ntchito yanji.

Chimodzi chomwe chikufunika kusamala ndi mitengo yokumba kutchire. Mitengo ya shimpaku, yonga mkungudza, ya m'mapiri a ku Itoigawa ku Japan inakumbidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1900 mpaka inatsala pang'ono kutha, anthu ena kufa kumene pogwa m'maphompho poifunafuna. Ndiye mukaona pa tebulo la malonda mtengo wa thunthu lakale lokhotakhota, funsani kuti unakumbidwa kuti, ndi chilolezo cha ndani, ndipo wakhala mumphikamo nyengo zingati. Wokumbidwa chaka chomwecho amaoneka wobiriwira koma mizu isanagwire, ndipo wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso amenewa.