Loboti ya apolisi ochotsa mabomba: kuchokera ku wilibala mpaka ku Dallas

Mu November 2022 makhansala a mzinda wa San Francisco anavota, 8 kwa 3, kulola apolisi kupha munthu ndi loboti ngati palibenso njira ina yopulumutsira miyoyo. Anthu anakwiya, ndipo patangotha sabata imodzi makhansalawo anabweza ganizolo. Mkanganowu sunazizire, ndipo ambiri otsutsanawo amaiwala chimene makinawa anapangidwira.

Chiyambi chake ndi ku Northern Ireland. Mu 1971 ndi 1972 gulu la IRA, lomwe linkamenyana ndi ulamuliro wa Britain kumeneko, linkatchera mabomba m'magalimoto ndi m'nyumba, ndipo katswiri wa asilikali a Britain ankayenda yekha kukagwira bombalo ndi manja. Angapo anafera pomwepo. Mu 1972 Peter Miller, yemwe anali mkulu wa asilikali, anagula wilibala yoyendera batire kusitolo ya zipangizo zakumunda, naisintha kuti izinyamula mbedza, woiyendetsa ali patali. Ntchito yake inali kukola galimoto yokayikitsa kuti aikoke, aichotse pakati pa nyumba. Dzina loti Wheelbarrow linakhazikika mpaka lero.

Koma chimene chinasinthadi ntchitoyi ndi mfuti ya madzi, yotchedwa Pigstick, imene anaimangirira pa lobotiyo. Bomba lopangira kunyumba limakhala ndi zigawo zinayi: batire, switchi kapena wotchi, kachipangizo koyatsira, ndi zophulikazo. Kudula waya n'koopsa chifukwa wotchera amatha kulumikiza mwakuti kudulako n'kumene kumaphulitsa. Pigstick imalavula madzi pang'ono ndi liwiro lalikulu kwambiri, n'kumwaza batire, mawaya ndi switchi magetsi asanafike pa koyatsira. Phindu lina n'lakuti zidutswazo zimatsala, ndipo ofufuza amapezapo zidindo za zala ndi kapangidwe ka wotcherayo.

Apolisi anatengera njira imeneyi. Choyamba amachotsa anthu: ku Britain malangizo amati anthu atalikire mamita osachepera 100 pa chikwama chokayikitsa, 200 pa galimoto yaing'ono, 400 pa lole. Amafufuza malo amene aimikapo galimoto yawo, poti bomba lachiwiri nthawi zambiri amalitcherera iwowo. Kenako loboti imapita ndi kamera, chikwamacho amachijambula ndi X-ray, ndipo akawombera madzi amadikira kaye asanayandikire. Ku America akatswiri onse a apolisi amaphunzira pasukulu imodzi, Hazardous Devices School ya FBI ku Huntsville, Alabama. Maphunziro oyamba amatenga masabata 6, ndipo pa zaka zitatu zilizonse amabwererako kukayesedwanso.

Loboti imalephera. Imakanika pamakwerero opapatiza, chingwe chake chimakodwa, wailesi yake imaduka kuseri kwa makoma a simenti. Zikatero munthu amavala suti yolemera makilogalamu oposa 30, yotentha ngati ng'anjo, manja ali pamtunda kuti zala zigwire bwino. Sutiyo imatchinga zidutswa zouluka, koma bomba lalikulu likaphulika pafupi siipulumutsa. Pa 26 October 1981 Kenneth Howorth, katswiri wa apolisi a London, anafa akuyesa kuchotsa bomba la IRA m'chipinda chapansi cha lesitilanti ya Wimpy pamsewu wa Oxford Street.

Ndiye kunabwera za ku Dallas, mzinda wa ku America. Pa 7 July 2016 Micah Johnson anapha apolisi asanu, n'kubisala pa koleji ya El Centro. Zokambirana zitakanika, apolisi anamangirira zophulika zotchedwa C-4 pafupifupi theka la kilogalamu pa loboti yawo ya Remotec Andros, naitumiza kwa iye, n'kuphulitsa, ndipo Johnson anafa. Mkulu wa apolisi David Brown ananena kuti panalibe njira ina yosaika apolisi ake pangozi, ndipo angachitenso. Mawuwa ndi a munthu amene analamula yekha, usiku umene anataya anzake asanu, choncho tiwamve ndi ulemu komanso mosamala. Otsutsa amati chida chimene chinapangidwa kuti chichotse bomba pakati pa anthu chinanyamula bomba kupita kwa munthu, popanda lamulo lililonse lonena za nthawi yoyenera kutero. Pamfundo ya lamuloyi n'kovuta kuwatsutsa. Mu January 2018 bwalo la nzika zounika milandu ku Dallas linagamula kuti apolisiwo asazengedwe mlandu. Lobotiyo, malinga ndi apolisi, inangowonongeka mkono ndipo inkagwirabe ntchito.