Batire silipanga magetsi, limangosunga

Funso ili ndatopa nalo, pafupifupi aliyense wondiitana kukaika inveta (kachipangizo kosintha magetsi a m'batire kuti akhale ngati a m'nyumba) amafunsa chimodzimodzi: "Amisiri, ndikagula batire mayunitsi aziyenda pang'onopang'ono eti?" Ayi. Ngati batirelo mukulitchaja ndi magetsi a ESCOM omwewo, mita yanu iziyenda mofulumirako kuposa kale. Potchaja ndi potulutsa magetsi ena amatayika ngati kutentha, inveta nayo imadya yake ngakhale nonse muli mtulo. Batire la asidi mukaikamo mayunitsi 10 likubwezerani mwina 8, la lithiyamu limayesetsako koma nalo silibweza onse.

Zoti batire limapulumutsa ndalama si bodza, koma zimagwira kumene mtengo wa magetsi umasintha ndi nthawi. Achibale athu ku Britain ena ali pa Economy 7, usiku kwa maola 7 yuniti imatchipa, ndiye munthu amatchaja batire usikuwo n'kuligwiritsa ntchito madzulo yuniti ili yodula, kusiyanako ndiye phindu lake. Kuno mita ya pripedi ya m'nyumba siyang'ana wotchi, yuniti ya 2 koloko usiku ndi ya 6 koloko madzulo mtengo ndi umodzi. Ndiye akakutumizirani kavidiyo pa WhatsApp kuti "ife kuno batire latichepetsera bilu", musathamangire kushopu.

Kwathu kuno batire limayamba kubweza ndalama likakhala ndi mapanelo a sola. Masana dzuwa lilipo lambiri koma kunyumba kulibe anthu, madzulo aliyense wabwerera, mahotipuleti, magiza, ma TV zonse zayaka nthawi imodzi, ndipo magetsi athu ambiri amachokera mu Shire momwemo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mukukumbukira mu 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka ndipo madzulo ndi pamene tinkalira kwambiri. Ku Golomoti ku Dedza anaika sola ya mamegawati 20 pamodzi ndi mabatire pa chifukwa chomwechi, kusunga dzuwa la masana kuti lithandize likalowa. Panyumba ndi zomwezo, kungoti zazing'ono.

Koma chimene chimandipwetekabe mtima ndi nkhani ya mayi wina wogulitsa mafrizesi ndi nsomba za m'firiji. Anatenga ngongole ku banki m'khonde, mnyamata wina wodzitcha "wa sola" anamulonjeza kuti firiji siizimanso ndipo aziphikira pomwepo. Anamuikira mabatire awiri a galimoto, waya wowonda ngati wa babu, opanda fyuzi, ndipo zonsezo anaziika kuchipinda chogona ana poti kumeneko akuba safikako. Batire la galimoto analipangira kulizitsa injini kamphindi basi, si lotsitsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, ndiye pa miyezi yochepa onse awiri anali atafa. Mayiyo anakhala masabata akumva fungo ngati la mazira owola, akuti amadikira mnyamata uja amene foni anali atasiya kuyankha. Nditafika waya anali atasungunuka mpaka kumatirira pa thabwa, batire limodzi litafufuma, ana akugonabe momwemo. Mabatire a asidi potchaja amatulutsa mpweya umene umayaka ndi kamoto kakang'ono, m'chipinda chotseka ndi ngozi yeniyeni. Ngongole ija anali akubwezabe.

Masamu ake ndi osavuta abale anga, wogulitsa aliyense woona mtima akhoza kukuwerengerani muli pomwepo. Batire la 12V 200Ah limasunga mayunitsi 2.4, likakhala la asidi mumagwiritsa theka lokha kuti likhalitse, ndiye mwatsala ndi 1.2. Hotipuleti ya mawati 1,000 imamaliza zimenezo pa ola limodzi ndi timphindi, nyemba zisanapse n'komwe. Giza ndiye musayerekeze. Batire ngati limeneli ndi la mababu, TV, rauta, mafoni, mwina firiji yabwino imodzi. Giza muziyatsa masana kapena muiikire taima, zovala muzisita masana, zimenezo zimachepetsa katundu wa madzulo osagula chilichonse.

China chimene chimandikwiyitsa ndi chizolowezi cholumikiza inveta posomeka pulagi mu soketi ya pakhoma popanda changeover switch, switchi yodula nyumba ku laini ya ESCOM inveta ikamagwira ntchito. Magetsi a ESCOM akazima, a mu inveta yanu aja amabwerera ku waya wa panja, ndipo munthu amene wakwera pa polo akuganiza kuti laini yafa mukhoza kumupha inuyo muli phee mukuonera mpira. Magetsi a ESCOM aja akabwera inveta nayo imapsa. Wokuikirani akuonetseni chilolezo cha MERA, aike fyuzi pafupi ndi batire, waya wonenepa, batire pamalo podutsa mphepo, ndipo akulembereni papepala zinthu zimene mungayatse ndi maola ake. Akakana kulemba, katundu wanu asamukhudze.

Ndipo ngati muli nalo kale ndiye mukuona batire likufufuma, waya akutentha mukamugwira, kapena fungo lija layamba, zimitsani inveta lero lomwe, tsegulani mawindo, muchotsemo ana ndipo muitane munthu wodziwa ntchito, osadikira mwezi uthe kuti mulandire kaye.